Mayina a m'Chitini cha a Soko

A Soko atatisiya mwezi wathawu, mudzi unalira monga umalirira mphunzitsi amene anaphunzitsa makolo ndi ana awo omwe. Ine ndinakhala kumbuyo kwa amayi oyimba, pambali pa agogo anga a Nabanda, amene anandilera makolo anga atamwalira. Pokhala munthu wosayankhulayankhula, ndinazolowera kuona kumene maso a anthu akupita. Tsiku limenelo maso a akuluakulu sankakhalitsa pabokosi. Ankangothawira pawindo la chipinda cha malemuwo, pamene panali chitini chakale cha mkaka waufa.

Nyimbo ili m'kati, mayi wina anandigunda ndi chigongono n'kunong'ona kuti, "Tereza, chitini chija atenge ndani?"

Sanafunse za njinga, sanafunse za malata. M'chitinimo munali zitsekerero za mabotolo khumi ndi ziwiri basi. Koma kuti mumvetse chimene anthu a imvi ankaopera zitsekerero, ndiyambe ndi mwini wake.

A Soko anaphunzitsa mbiri yakale m'masukulu a pulayimale kuno ku Mchinji, ku Mkanda, kenaka cha ku Guilleme, mpaka anapuma ntchito n'kubwerera kumudzi kwathu kwa Mlonyeni. Anali aatali, oonda, oyenda moweramira kutsogolo ngati akulimbana ndi mphepo. Mwendo wakumanja wa thalauzi lawo unkakhala wopanidwa ndi chopanira zovala kuti usakodwe mu tcheni, ngakhale tsiku limene njinga yagona m'nyumba. Anapita nacho chopaniracho ngakhale ku ukwati wa mwana wawo, ndipo chikuoneka pachithunzi.

Chimene aliyense ankawadziwa nacho n'chakuti sankanama, ngakhale pa moni. Ukawafunsa mmene adzukira, sankanena kuti bwino ngati sanadzuke bwino. Ankayamba ndi bondo lakumanzere, n'kukwera kumsana, n'kumalizira kuti zina zonse zilipo. Amayi opita kuchigayo ankadzera kuseri kwa nyumba yawo kuopa kuchedwa. Iwo ankati munthu wozolowera kunama pa moni savutika kunama pabwalo la milandu, chifukwa lilime limaphunzirira pa zazing'ono. Ankakondanso kunena kuti zimene mwana wamva ndi khutu zimatuluka limodzi ndi belu, koma zimene wagwira ndi dzanja amapita nazo kwawo.

Mawu achiwiriwa ndi amene anawazulitsa chitseko cha khitchini yawo atangopuma ntchito. Akazi awo, amene panthawiyo anali akadali moyo, anaphika miyezi iwiri akuthamangitsana ndi mbuzi. A Soko anachipala chitsekocho n'kujambulapo njira ndi utoto wotsala pomwe ankakonza tchalitchi. Njirayo inayambira kumapiri athu ano, n'kuwoloka Bua, n'kukathera kunyanja, kumene anajambulako chombo. M'njiramo anandandalika zitsekerero khumi ndi ziwiri. Amenewo anali anthu ogwidwa ukapolo, ali m'magoli, akupita kukagulitsidwa. Masewerawo anawatcha Tiwombole.

Osewera ankakhala asanu. Wina anali wosula zitsulo, womasula magoli. Wina mlenje wodziwa njira zachidule. Wina mayi wobisa anthu m'nkhokwe, wina wowolotsa pamtsinje, wina mphunzitsi wa kumishoni. Poyenda unkaponya makoko anayi a mtedza. Ogwa chagada ndiwo ankakuuza kuti uyende kangati, ogwa chafufumimba ankasendeza mzere wa akapolo kufupi ndi nyanja. Palibe ankatha kuwombola munthu ali yekha. Wosula akamasula goli popanda wobisa pafupi, womasulidwayo ankagwidwanso. Mukawombola asanu ndi atatu mzere usanafike pachombo, mwapambana nonse. Mukalephera, mwagonja nonse.

Amuna a pabawo ndiwo anayamba kuwakana masewerawa. A Soko anakoka chitseko chawo mpaka pansi pa mtengo wa mango pamene amasonkhana, nafotokoza malamulo onse. Woyamba kuyankha anali Gelevazio, mwana wa mng'ono wawo, amene amachita geni ya anyezi kumalire.

"Bambo, ndiye pamenepa wodya mnzake ndani?"

"Palibe."

"Nanga tikhalire chiyani? Ndipatseni ine ndikhale wogula anthuyo, mwina pangakome."

"Ameneyo safuna womuyendetsa, mwanawe. Amayenda yekha iwe ukangokhala chete."

"Bawo yopanda kudyana ndi msonkhano wa mpingo," anatero Gelevazio, anzake n'kuseka. Kuyambira pomwepo amuna ankangoti bawo ya mpingo.

Anakangananso ndi ahedi a pasukulu yapafupi, amene anafuna kuti pa tsiku lotsekera pakhale mphoto ya mwana wopambana. A Soko anamanga chitseko panjinga n'kubwerera nacho ana asanaponye ngakhale khoko limodzi. Ndi mphunzitsi wina wobwera kumene anakangana za malo ena a panjira ija, amene analembapo kuti Lamulo. Mzere ukafika pamenepo chombo chinkaima maulendo atatu, koma goli silinkamasuka ngakhale limodzi. Mphunzitsiyo ankati m'buku analemba kuti ukapolo unatha ndi lamulo la azungu ndi kulalikira kwa amishoni. A Soko sanakane kuti zimenezo zinatseka njira ya kunyanja. Koma ankati amene anali kale m'makomo mwa anthu, akusinja ndi kutunga madzi, palibe anabwera kudzawauza kuti nyamukani muzipita kwanu, ndipo ambiri kwawoko sankakudziwanso.

Amene tinawakonda masewerawa tinali ife amayi a m'mphakati, gulu lathu la mapemphero la Lachinayi. Tikatha kupemphera tinkapita pakhonde la a Soko, chitseko chili chogoneka pa njerwa zinayi. Amayi amene anali atasiya kuyankhulana chifukwa cha nkhuku zolowa m'munda ankapezeka akupangana nzeru.

"Inu a osula, musathamangire kutsogolo. Dikirani a nkhokwe afike."

"A nkhokwe akewo akungoponya chafufumimba ngati anawalodza."

"Mwandilodza ndinu, ndi maso anuwo."

Kawirikawiri tinkagonja. Tikagonja a Soko sankalola kuti tiloze munthu chala. Ankangotola zitsekerero zimene zafika pachombo, n'kuzifumbata kanthawi, kenaka n'kutiuza kuti tidzayesenso Lachinayi.

Tinasewera choncho zaka ziwiri popanda vuto. Vuto linabwera tsiku limene anatiuza kuti awonjezera lamulo. M'kati mwa chitsekerero chilichonse anali atamatamo kapepala kolembedwa dzina, ndipo zitsekererozo tsopano zinkayenda chovundikira. Munthu akawomboledwa, womuwombolayo atembenuze, atchule dzinalo mokweza, ena onse ayankhe kuti takulandirani. Anati ogula anthu ankawerenga mitu, ndiye ife tizitchula mayina. Ife tinayesa kuti ndi mayina ongopeka.

Agogo anga sankasewera. Ankabwera chifukwa cha mapemphero, kenaka n'kukhala chapatali akusenda mtedza m'lichero. Tsiku limenelo ine ndinali wa nkhokwe, ndipo chitsekerero choyamba kuwomboledwa chinagwera kwa ine. Ndinachitembenuza n'kuwerenga.

"Mwatitha."

Amayi achitsikana anayankha mwansangala kuti takulandirani. Amayi achikulire sanayankhe. Agogo anaimirira, lichero n'kugwa, mtedza n'kumwazika pakhonde ponse. Sanawerame kuti atole.

"Tereza, tiye."

Titafika kunyumba anandiuza ali chiimire kuti Mwatitha anali agogo awo, mayi wa mayi awo. Anabwera m'mudzi muno ali kamtsikana, atagwidwa pa nkhondo ya Angoni, ndipo anakulira pakhomo pa makolo a a Soko ngati kapolo. Dimba lathu la kudambo, limene linatidyetsa awirife n'kundiphunzitsa sukulu, analiswa ndi Mwatithayo.

"Zaka zonsezi anthu anatseka pakamwa," anatero. "Lero watsegula ndiwe, anthu akusangalala."

Kwathu kuno mawu akuti kapolo satchulidwa wamba, koma sanafe. Amagona, n'kudzuka pa ukwati, pa ufumu ndi pa malo. Ine ndinali ndisanadziwe kuti akugona m'nyumba mwathu momwe.

M'mawa mwake agogo anavala nsalu yawo ya kutchalitchi n'kupita kwa a Soko. Ndinawatsatira, ndipo ndinaima pamsewu pomwe zonse zinkamveka.

"Aphunzitsi, agogo anga mwawaika m'chitsekerero cha botolo?"

"Ndimafuna atchulidwe mwaulemu, a Nabanda. Anthu amenewa anaiwalika."

"Sanaiwalike. Tinawabisa. Inu ophunzitsa mbiri simudziwa kusiyana kwake?"

"Choona sichipha munthu."

"Sichipha mwini ng'ombe. Ine ndili ndi dimba limodzi ndi mwana wamasiye."

A Soko anaima atagwira nsanamira ya khonde mpaka agogo anatembenuka. Kuyambira Lachinayi lotsatira tinkasewera ndi njere za chimanga zopanda mayina, ndipo zitsekerero zija zinalowa m'chitini, chitini n'kukwera pawindo. Mbiri inawanda kuti mmenemo muli mayina khumi ndi limodzi amene sanawerengedwe. Aliyense wa imvi ankadziwa, kapena ankakayikira, kuti lina mwa mayinawo ndi la kwawo. Agogo sanawapatsenso moni a Soko zaka ziwiri. Akakumana panjira ankayang'ana chimanga cha eni.

Zimene agogo ankaopa zinafika pamene kunabwera ntchito yolembetsa malo, kuti munda uliwonse ukhale ndi pepala m'dzina la mwini wake. Gelevazio anali atagula pampu yothirira, ndipo dimba lathu lili pamene madzi saphwa ngakhale mu Okutobala. Anapita kukomiti ya malo kukanena kuti dimbalo ndi la banja la a Soko. Anati Mwatitha anangopatsidwa polima monga kapolo wa pakhomo, ndipo mdzukulu wa kapolo sangalembetse malo a mbuye wake. Atamufunsa mboni, anatchula abambo ake aakulu, a Soko.

Akanatchula munthu wina ndikanati mwina achita manyazi, azungulirazungulira, nkhani n'kuzilala. Koma munthu wosanama pa moni? Sabata imeneyo agogo ankalawirira kudimba kukazula anyezi wosakhwima, ati asadyedwe ndi eni atsopano. Pakhonde pathu panadzaza anyezi waung'ono ngati zala, wosagulitsika.

Komiti inakumana Loweruka m'mawa m'kalasi ya pasukulu. Anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Amfumu athu ndi amayi, a Nambewe, munthu woseka msanga, wosakonda milandu yotalika. Pambali pawo panali mlembi wa ku boma ndi buku lake. A Soko analowa mochedwa, chopanira chili pamwendo, chitini chili m'khwapa. Anthu ataona chitinicho, kung'ung'udza konse kunatha.

"Aphunzitsi, mwadzuka bwanji?" anatero amfumu. "Ayi, pepani, ndabweza funsolo, tingagone pano."

Anthu anaseka pang'ono, kuseka kwa mantha.

"Funso lenileni n'limodzi. Mwatitha anabwera bwanji m'mudzi muno?"

"Anagwidwa," anayankha a Soko. "Anamugwira ndi agogo anga aamuna ndi anzawo, kuseri kwa mapiri. Anali kapolo pakhomo pathu."

Agogo anayang'ana zikhatho zawo. Gelevazio anatambasula manja kwa anthu.

"Ndiye mwadzimvera nokha."

"Sindinathe, mwanawe. Khala pansi."

Anatsegula chitini n'kuyamba kuika zitsekerero patebulo chimodzichimodzi, chovundikira. Chimodzi chinawapulumuka, n'kugubuduka pansi pa mabenchi, n'kudzagwa chagada pafupi ndi phazi langa. Ndinayang'ana. M'kati mwake munalibe kapepala. Munali mikwingwirima ya mpeni basi. Ndinachiponda msanga, n'kukhala ngati ndikukonza chitenje.

"Anabwera nawo khumi ndi awiri pa ulendo umodzi," anatero a Soko. "Asanu anagulitsidwa kwa anthu odutsa, anapita kunyanja, sanamvekenso. Asanu ndi awiri anatsala muno, anakwatiwa, anabereka. Zidzukulu zawo ndikuzidziwa zonse. Zambiri zili m'chipinda chino, zina pabenchi ya komitiyo. Ngati mdzukulu wa kapolo salembetsa malo, lamulolo likhale la tonse. Ndiyambe kutchula?"

Mkulu wina wa komiti anayamba kuyang'anitsitsa m'kati mwa chipewa chake. Mayi wina anatsina mwana wake wakumsana kuti alire, apeze potulukira. Ine phazi langa linali likukanikiza chitsekerero chopanda dzina, ndipo ndinkadziwa kuti wina akangoti tembenuzani tione, zathu zatha.

A Soko anasankha chitsekerero chimodzi chopindika m'mbali n'kuchipereka kwa Gelevazio.

"Werenga iwe. Maso anga atha."

Gelevazio anatembenuza n'kung'ung'udza kanthu.

"Mokweza. Paja unkafuna masewera okoma."

"Tisauke."

"Amenewo anabereka bambo anga, agogo ako. Anabwera pa chingwe chimodzi ndi Mwatitha. Mayina onsewa anandiuza ndi iwowo tikupalira chimanga, atakalamba kale."

"Koma ife timatsata kuchimuna, bambo."

"Tsata kumene ukufuna. Bere limene anayamwa agogo ako linali la kapolo."

Amfumu anagogoda patebulo ndi cholembera cha mlembi. Sanaseke.

"Aphunzitsi, bwezerani tinthu tanuto m'chitini. Sitinabwere kudzalemba mmene anthu anafikira, tabwera kudzalemba amene akulima. Anthu inu, dimba la kudambo mwakhala mukuona ndani akulima?"

"A Nabanda," anayankha anthu kuchokera mbali zonse, ndipo amene anakweza mawu kwambiri anali mkulu wa chipewa uja.

"Asanayambe a Nabanda?"

"Amayi awo."

"Alembi, lembani."

Ndinakhala ndikuponda chitsekererocho mpaka anthu onse atatuluka, phazi litachita dzanzi.

Patapita masiku atatu ndinakawapeza a Soko pakhonde akupopa njinga.

"Aphunzitsi, munataya ichi."

Anachilandira, nachiyang'ana m'kati, kenaka anandiyang'ana ine.

"Unaona?"

"Ndinaponda."

"Sindinaname, Tereza."

"Sindinanene kuti munanama."

"Ndinati ndikuwadziwa, ndipo ndikuwadziwadi. Ndinafunsa ngati ndiyambe kutchula. Kufunsa si kulonjeza."

"Akanati tchulani?"

Anapopa kawiri katatu asanayankhe. "Ndikanatchula langa lokha n'kukhala pansi, mundiseke. Ndinapala ena onse tsiku lomwe agogo ako anabwera kudzandikalipira. Ananena zoona mayi amene aja. Dzina la munthu ndi la ana ake, si la mphunzitsi."

"Nanga bwanji simunauze anthu kuti mulibe kanthu?"

"Palibe wandifunsa."

Ndipo palibedi anawafunsa, mpaka imfa yawo. Ine sindinauze munthu, ngakhale agogo. Ndinkaona kuti chitinicho chikugwira ntchito chili chikhalire pawindo. Kuyambira tsiku la komiti lija sindinamvenso mawu akuti kapolo pa mkangano wa malire kapena pokambirana ukwati. Munthu akayamba kulowera kumeneko, wina ankangoti tikaitane aphunzitsi, nkhani n'kusintha.

Agogo sanawathokoze a Soko. Sabata yotsatira anandipatsa mtolo wa mpiru ndi anyezi waung'ono uja kuti ndikawapatse.

"Ukawauze kuti ndi zotsala," anatero. "Asaganize zina."

Koma Lamulungu lake, potuluka m'tchalitchi, ndinawaona agogo ataima kutsogolo kwa a Soko n'kufunsa kuti mwadzuka bwanji. Anaima pomwepo mpaka bondo linatha, msana unatha, ndi chifuwa chimene chinali chitayamba kumene. Chifuwa chimenecho n'chimene chinadzawatenga a Soko patapita zaka. Ngakhale m'masiku omaliza, anamwino akafunsa ngati akupezako bwino, ankawauza kuti ayi, koma zikomo pofunsa.

Pa tsiku losesa, m'mawa mwake mwa maliro, akuluakulu anakhala pakhonde kukambirana za katundu. Za njinga ndi mabuku zinatha msanga. Za chitini zinavuta. Ena ankati chikanakwiriridwa limodzi ndi mwini wake. Ena ankati chiponyedwe m'chimbudzi osachitsegula. Pomaliza anagwirizana kuti timapepalato tichotsedwe n'kutenthedwa pamaso pa onse popanda wowerenga, ndipo achite zimenezo ndi Gelevazio, amene tsopano ndiye wamkulu pabanjapo. Anakoleza kamoto pabwalo. Gelevazio anatsegula chitini n'kukhuthulira zitsekerero m'lichero, nkhope ataloza kumbali. Kenaka anayamba kupapasa ndi chala, chimodzi, chachiwiri, chachitatu, mpaka anayang'ana.

"Mulibe kanthu," anatero.

Anthu anasendera pafupi. Mkulu wa chipewa uja anatola chimodzi, nachiyang'anitsa kudzuwa, n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Zaka zonsezi takhala tikupatsa ulemu chitini chopanda kanthu."

Amfumu anaseka kuseka kwawo kwenikweni, misozi ili mbwembwembwe, ndipo amayi amene dzulo lake ankalira anagwirana mapewa. Sindinaonepo anthu akupuma chotero pa tsiku losesa. Kamoto kaja kanazima kokha.

Gelevazio sanaseke. Anali atapeza chitsekerero chopindika chija, chokhacho chimene chinali ndi kapepala. Anachigwira nthawi yaitali, kenaka anachibwezera m'chitini limodzi ndi zinzake n'kubwera pamene ndinakhala.

"Mayi, malamulo ake mumawadziwa ndinu. Tengani, ndi chitseko chomwe. Ichi chopindikachi chikhale momwemo."

Titafika kunyumba agogo anakhala pamkeka n'kuyang'ana chitinicho kwa kanthawi.

"Iwe unkadziwa," anatero.

"Eya."

"Ndinaona phazi lako tsiku lija. Ndinayesa waponda ndalama. Uli ndi kapepala? Lembapo Mwatitha, umate mmene analili."

"Agogo, anthu adzawerenga."

"Awerenge. Pepala la dimba lili m'sutikesi. Koma ulembe bwino, osati zolemba zako zopalasa nkhukuzo. Ndipo akawomboledwa muyankhe nonse, achikulire omwe."

Tsopano m'chitinimo muli mayina awiri ndi zitsekerero khumi zopanda kanthu. Mabanja enawo akafuna adzabweretsa awo, akapanda kufuna palibe adzawafunse. Amene ndimawaganizira ndi asanu aja anapita kunyanja. Sanasiye mwana kuno woti awatchule, ndipo mayina awo anali m'mutu umodzi wokha, umene tinauika m'manda mwezi wathawu.

Dzulo ndinadutsa pakhomo pa a Soko. Njerwa zinayi zija zikadali pakhonde mmene zinalili, ndipo pakati pake dothi ndi loyera kuposa pena ponse, molingana ndi kukula kwa chitseko. M'ming'alu ya pansi muli makoko a mtedza amene tsache silinafikemo. Chopanira zovala chili pa msomali wa pansanamira. Pawindo pali chizindikiro chozungulira cha dzimbiri pamene chitini chinakhala zaka zonsezo, ndipo khitchini ikadali ndi chitseko cha nsungwi chimene anaikapo mongoyembekezera. Amayi opita kuchigayo tsopano amadzera kutsogolo kwa nyumba. Palibe wowachedwetsa, komabe ndaona kuti akafika pakhondepo amayenda pang'onopang'ono.